Kukatenga Kalata ya Mtchona ku Muscat

Basi ya ku Muscat imanyamuka ku Deira, mumzinda wa Dubai, seveni koloko m'mawa, koma pomwe imakwana sikisi n'kuti ine ndili kale pamalopo, chikwama pamiyendo, ngati mwana wopita ku sekondale koyamba. Linali Lachisanu. Ndinali nditapempha masiku awiri kuchipatala komwe ndimagwira ntchito ya unamwino, ndipo mkulu wa wodi yathu anandiloleza akupukusa mutu. "Ukupita mpaka ku Oman kukatenga kalata imodzi? Kulibe positi kumeneko?" Ndinangoseka. Ndikanayambira pati kumufotokozera kuti positi ndi yomwe idalephera, zaka zoposa makumi asanu ndi atatu zapitazo?

Ndiulule kaye matenda anga. Mwezi ukatha anzanga amathamangira kumasitolo a ku Downtown kukasankha zikwama ndi mafuta onunkhira. Ine ndimagula makalata a anthu akufa. Si makalata wamba ayi. Ndi a amalinyero omwe sitima zawo zidamizidwa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, iwo n'kuvuulidwa m'madzi ndi adani, n'kukatsekeredwa m'ndende za akaidi a nkhondo. Ndili nawo odzaza maalubamu awiri: a Amwenye, a Asomali, a anthu akuda omwe ankasonkhezera malasha pansi pa sitima. Onse ankalemba zofanana. Ndili bwino, kuno kukuzizira, tumizani masokosi ndi fodya. Kalata ya mkaidi inkakhala pepala limodzi lopindidwa, adiresi kunja, mawu m'kati. Isanatuluke inkadzera kwa wopima makalata, yemwe ankaiwerenga, kudetsa ndi inki mizere yomwe sanaikonde, kuimata ndi tepi n'kuidinda.

Ife otolera zimenezi tili ndi malamulo athu, ndipo timawasunga kuposa malamulo khumi aja. Kalata suigwira opanda magolovesi. Suipinda, suiika padzuwa. Koposa zonse, ukapeza yomwe sidatsegulidwepo, yomata momwe wopima adaimatira, suitsegula chisawawa. Yotereyo imapezeka mwa apo ndi apo, ndipo ikatuluka pa tebulo anthu amatsitsa mawu ngati alowa m'tchalitchi.

Matendawa adandilowa chifukwa cha agogo anga aamuna, a Layisoni Mukhova, omwe sindidawaonepo, ndipo ngakhale bambo anga sadawaonepo. Adachoka pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo mkazi wawo, agogo a Dorika, ali ndi pathupi. Adalemba kamodzi ali ku Durban kuti apeza ntchito yothira malasha m'sitima ya pamadzi. Kenako zii. Pa esiteti lamulo linali la thangata, ndipo nyumba yopanda mwamuna wogwira ntchito inalibe malo. Agogo adawathamangitsa mwana ali kumsana, n'kukakhala kwa abale awo kufupi ndi Luchenza. Mwanayo ndiye bambo anga. Adakula akutchedwa mwana wa mtchona, mwana wa munthu yemwe adapita kukasaka ndalama n'kuiwala kwawo.

Dzina la atate awo bambo sankalitchula. Ankangoti "mtchona uja". Ife tikadandaula kuti nsapato za kusukulu zathina, yankho tinkalidziwa pamtima. "Ine ndidavala nsapato koyamba ndili ndi ndevu. Mtchona uja ali gwa gwa gwa ndi zikopa kutauni, mwana wake ndikuzula matekenya ndi minga." Ankanena akuseka, ife n'kumaseka nawo, koma maso awo sankaseka.

Tsiku lina kuno ku Dubai ndinalowa pa chionetsero cha masitampu pongothawa dzuwa, ndipo ndinaona kalata ya mkaidi wa nkhondo wakuda ngati ine, wothira malasha m'sitima. Mutu unaima. Nanga ngati mtchona uja sadatchone? Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kugula, ndipo wogulitsa aliyense ndinkamuuza kuti akadzaona mawu oti Nyasaland pa adiresi andiimbire, ngakhale ndili pakati pa shifiti. Zinapita zaka zisanu ndi zitatu.

Yemwe anaimba anali a Salimu, mkulu wobadwira ku Zanzibar, wa kasitolo ka zinthu zakale ku Muttrah mumzinda wa Muscat. Anaipeza m'bokosi la mapepala lomwe anagula kwa ana a mnzawo womwalira. Ananditumizira chithunzi cha kunja kwake. Panali chidindo cha ndende ya ku Jeremani, tepi ya wopima ili yosakhudzidwa, ndi mawu a pensulo oti mwini wake sakudziwika pamalopo. Pakati pake, m'zilembo zopendekeka, panalembedwa Dorika Mukhova, dzina la esiteti ija, Nyasaland. Ine dzina langa ndine Dorika. Adanditcha la agogo, n'chifukwa chake bambo ankandiitana kuti amayi.

"Ndiitsegule ndikujambulire zam'katimo, binti?" anafunsa a Salimu, akunditchula mwana wawo m'chilankhulo cha kwawo.

"Musaikhudze!" ndinakuwa. M'maso mwanga ndinkaona manja onjenjemera a nkhalamba ndi mpeni wa kukhitchini. Ngakhale zoti aitumize ndinakana. Positi idaitaya kale kamodzi.

Madzulo ake ndinaimba kumudzi pa vidiyo. Mlongo wanga Fatsani, yemwe ankasamala bambo, ndiye anagwira foni. Bambo anali pakhonde, miyendo yotupa ndi matenda awo a mtima ataisanjika pa kampando. Anamvetsera nkhani yonse osaphethira.

"Amayi, dzina lili pamenepo ndi lanu, kalatayo ndi yanu. Uzani Mwarabuyo atsegule, timve zomwe akunama mtchona uja."

"Ababa, zinthu izi sizitsegulidwa choncho. Ndikaitenga ndekha. Pa Disembala ndibwera nayo, mudzatsegule ndi manja anu."

"Disembala!" Anaseka mpaka kutsokomola. "Amayi inu muli ndi kalendala yaitali."

Ndagwira unamwino zaka makumi awiri. Ndinawayang'ana milomo, ndinawerenga kapumidwe kawo pa foni pomwepo, ndinafunsa za mankhwala, n'kudziuza kuti miyezi ilipo yambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndinatero mumtima, ndikudziona wanzeru. Patatha sabata ndi theka, Lachinayi masana, Fatsani anaimba kuti bambo asiya kudya ndipo akungofunsa za kalata. Ndikuchita manyazi kulemba izi, koma ngakhale pamenepo sindinawauze a Salimu kuti atsegule. Ndinati Muscat ndi maola asanu ndi limodzi okha. Ndikaitsegula ndekha mwaukhondo, ndi kampeni kakuthwa ka kuchipatala, n'kuwawerengera pofika tu koloko. Kampeniko ndinakakulunga m'thishu n'kukaika m'chikwama pamodzi ndi magolovesi, kapani ndi galasi lokuzira zilembo.

Tikiti inali madirhamu zana. Basi inadzaza ndi Amwenye, Apakisitani ndi atsikana angapo a ku Philippines, aliyense ndi katoni yake yomangidwa ndi chingwe. Dalaivala ankangoti "Yalla, yalla!" kutifulumizitsa kuchokera kota tu seveni, koma tinanyamuka hafu pasiti, chifukwa bambo wina anabwera ndi wailesi ya kanema yaikulu ngati chitseko ndipo inkakana kulowa pansi pa basi. Anatsitsa katundu yense n'kuyambanso kulongedza. Ine ndinkangoyang'ana nthawi pa foni.

Pambali panga panakhala bambo wonenepa, manja akuda ndi oyilo wosachoka ndi sopo. Pakati pa miyendo yake panali chitsulo chokulungidwa m'bulangete. Atandimva ndikutumiza uthenga wa mawu kwa Fatsani anatembenuka, nkhope yonse ili mano.

"Ba sister, ndimwe a ku Malawi? Ine ndine Daka, wa ku Chipata. Tili pa chibale!"

A Daka ankagwira ntchito pa galaja ku Ras Al Khor, ndipo chitsulocho chinali cha giyabokosi ya lole ya abwana awo yomwe inafera ku Sohar. Anakana kuchiika pansi pa basi, ati makatoni angachiphwanye. Chitsulo kuphwanyidwa ndi makatoni! Tisanamalize n'komwe misewu ya Sharjah anali atandiuza za akazi awo, ana anayi ndi nyumba yomwe inaima pa mawindo. Kenako inafika nthawi yanga. Ndinawafotokozera zonse, mpaka kuwaonetsa chithunzi chija.

"Manje ba sister, aya makalata mukagula mumayachita chani?"

"Timasunga."

"Olo yotseka, osawerenga?"

"Makamaka yotsekayo."

Anakanda pachibwano. "Ine nikasunga motoka osailiza, bwana anganipishe nchito. Osakalipa ba sister, koma uja munthu sanalembe kuti musunge. Analemba kuti munthu awerenge. Na ba tata ali moyo lelo. Mukanamuuza mudala atsegule, khalas, nkhani yatha."

Wakutsina khutu ndi mnansi, koma tsiku limenelo ndinaona ngati makanika akulowerera za eni. Ndinavala zomvera m'makutu popanda nyimbo iliyonse, n'kuyang'ana kunja. Mchenga, ngamila ziwiri zitatu, kenako mapiri a miyala yokhayokha opanda ndi mtengo womwe.

Pa malire a Hatta tinafika cha m'ma teni, n'kupeza mabasi atatu ali patsogolo pathu. Tinatsika kukaima pamzere, kulipira madirhamu makumi atatu ndi asanu otulukira, kudinditsa mapasipoti. Zanga zinatheka msanga. Koma mmodzi wa atsikana aja viza yake inali itapitirira masiku, ndipo basi singachoke munthu wake ali m'kati. Tinakhala pamthunzi wa basi tikumudikira, anzake akuthamanga uku ndi uku ndi mafoni. Ndili pomwepo foni yanga inalira.

"Achemwali, mwafika?"

"Ndili pa malire. Ali bwanji?"

"Akupuma mwachilendo. Amapuma mofulumira, kenako amasiya, ndiziti basi zatha, kenako amayambanso."

Kapumidwe kameneko ndimakadziwa. Ndakamvapo pa mabedi ambirimbiri, ndipo ndikakamva ndimapita pakhonde kukauza abale kuti aitane onse ofunika kuitanidwa. Ndinauza Fatsani aike foni pakhutu pawo. "Ababa, ndine amayi anu. Ndili m'njira. Dikirani pang'ono." Ndinangomva mpweya wokhawokha.

Apa m'pamene malamulo anga onse anagwa. Ndinaimbira a Salimu. Foni inalira mpaka kuduka. Ndinaimbanso, ndi kuimbanso. Kenako ndinakumbukira chomwe ndinayenera kuchiganizira dzulo lake: linali Lachisanu. Masitolo a ku Muttrah satsegula mpaka madzulo, ndipo mkuluyo anali kunyumba kapena ku mzikiti. Ndinalemba uthenga zala zikuphonya zilembo: tsegulani kalata ija, ng'ambani ndi chilichonse, jambulani, chonde. Uthengawo unapita koma sunawerengedwe. A Daka anaona nkhope yanga ndipo sananene kuti ndinakuuzani. Ndimawathokozabe chifukwa cha zimenezo.

Mtsikana uja anatuluka akupukuta misozi, tonse tinakwera. Titangoyenda pang'ono netiweki ya ku Dubai inatha, foni yanga n'kusanduka galasi lodziyang'anira. Pa malire a mbali ya Oman, pa Wajajah, anatiuza titsitse katundu yense. Wailesi ya kanema ija inatulukanso, makatoni onse anandanda padzuwa, zikwama pa matebulo. Wofufuza wachinyamata anatsegula changa. Anatulutsa magolovesi, kapani, galasi. Kenako anafunyulula thishu ija.

"Ichi n'chiyani?"

"Chotsegulira kalata."

Anandiyang'ana, anayang'ana kampeniko, n'kuitana mkulu wake. Sindingawanene, ankagwira ntchito yawo, ndipo anandiyankhula mwaulemu kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Koma tangoganizani mayi wolira, wa mpeni wa opaleshoni m'chikwama, akulumbira kuti wadutsa malire a mayiko awiri kukatsegula kalata. Anafunsa chiphaso cha ntchito, anafunsa komwe ndikagone, anafunsanso za kalatayo. Ndinawaonetsa chithunzi, iwo n'kumapatsirana. Anthu onse anali atakwera kale. Dalaivala anabwera kawiri akuloza wotchi yake. "Khalas, sister?" Zinatenga mphindi makumi anayi. Kampeniko anakasunga, ine anandipatsa pasipoti yanga ndi mawu ondifunira ulendo wabwino.

Polowa m'basi palibe anandiyang'ana kumaso, kupatula a Daka, omwe anali atatulutsa kale kafoni kawo kakang'ono ka layini ya ku Oman. Tinayesa nambala ya a Salimu kasanu. Tinayesa ya Fatsani, mayunitsi n'kuthera m'malere foni isanalowe. "Inshallah tizafika," anatero a Daka, kenako anadziwongola okha. "Mulungu alipo, ba sister."

Ku Sohar tinafika wani koloko itapitirira kale. Basi inaima pa kamalo kodyera, dalaivala n'kunena kuti mphindi makumi awiri. Anthu anathamangira mpunga ndi nkhuku. Ine ndinathamangira kwa wolandira ndalama kukapempha nambala ya intaneti yawo, ndipo anandilozera pakhoma pomwe inalembedwa ndi choko. Nditangoilowetsa, foni inayamba kunjenjemera m'manja osalekeza. Mafoni asanu ndi awiri a Fatsani omwe sanandipeze. Uthenga wa mawu umodzi. Pansi pake uthenga wolemba, waufupi, womwe ndinaubisa ndi chala kuti ndisauone. Ndinayamba ndi wa mawuwo.

"Achemwali, atsegula maso, akufuna inu, koma simukupezeka. Ndangoti ndijambule. Yankhulani ababa, akumva." Kenako mawu a bambo, otsika, ngati akuchokera m'chipinda china.

"Amayi. Musathamange pamsewu, mungavulale. Kalatayo isungeni, poti mumakonda kusunga." Anapuma nthawi yaitali. "Olembawo ine ndikawafunsa ndekha."

Ndinachotsa chala. Panali mawu amodzi okha: Atisiya. Ndinayang'ana nthawi yomwe mauthenga awiriwa anatumizidwa. Onse anabwera ndili chiimire pa tebulo lija, ndikufotokoza za kampeni kanga.

Sindikumbuka kuti ndinakhala bwanji pansi. Ndikukumbuka kuti panali pafupi ndi posambira m'manja, ndipo ndinalira monga timalirira kwathu, mokweza, ndikuitana dzina, osati kulira kwa m'bafa komwe tidaphunzira kuno. Anthu anasiya kudya. Atsikana a ku Philippines aja anandizungulira, mmodzi akundisisita pamsana. A Daka anaika chitsulo chawo pansi, anavula chipewa n'kuima chapatali ngati mwamuna wofika pamaliro. Ulendo wawo unathera pomwepo, ndipo munthu wodzawatenga anali akuwaimbira hutala panja, koma sanasunthe mpaka dalaivala wathu ataliza injini. Anandigulira botolo la madzi n'kundiperekeza mpaka pakhomo la basi.

"Ndibwerere?" ndinawafunsa, ngati iwo ndiwo akulu a banja.

"Kubwelela kulibe nchito, ba sister. Kaitengeni. Yayembekeza maningi, zaka na zaka."

A Salimu ndinawalembera uthenga wina, woti asatsegulenso. Kenako basi inanyamuka, mpando wa pambali panga uli wopanda munthu. Saham, Suwaiq, Barka, matauni ankangobwera n'kupita, basi ikuima paliponse kutsitsa munthu ndi katoni yake. Panalibenso chothamangira, koma kuima kulikonse kunkandipweteka. Njira yonse ndinkabwereza masiku aja m'mutu. Sabata ndi theka bambo ali pakhonde, makutu ali bwinobwino, nzeru zili zonse. Mawu amodzi okha kwa a Salimu akanakwanira. Amati madzi akatayika saoleka, koma sanena kuti wotayayo amakhala akuyang'anabe pansi ponyowapo.

Ku Ruwi, komwe basi imathera mu Muscat, tinafika faifi koloko, ndipo ndinakwera takisi mpaka ku Muttrah osatsutsa mtengo. A Salimu ndinawapeza ataima pakhomo la sitolo yawo, foni ili m'manja, nkhope itagwa.

"Binti, pepa. Foni ndinaisiya muno usiku wa dzulo. Ndangotsegula kumene, ndapeza mauthenga ako onse pamodzi. Woyamba ukuti tsegulani, womaliza ukuti lekani. Ndamva chomwe chachitika pakati pake."

Anandikhazika pa mpando, n'kukatenga kalatayo m'kabati. Inali m'kathumba ka pulasitiki, yaing'ono kuposa momwe ndinkaganizira, yofiirira ngati tsamba la fodya. M'zaka zanga zonse zotolera sindinaonepo yosungika bwino chotero. Anaiika pa nsalu yoyera, pambali pake n'kuikapo magolovesi ndi mpeni wawo wa mkuwa wotsegulira makalata.

Ndinaitulutsa ndi manja anga a thukuta la ulendo wonse. Ndinalowetsa chala pansi pa tepi ija n'kukoka. Inang'ambika mokhota, n'kudula chidindo pakati. A Salimu anatsinzina.

Ndinaimbira Fatsani pa intaneti ya m'sitolomo. Kumbuyo kwake kunkamveka amayi akulira m'nyumba, ndi wina akuwaza nkhuni panja.

"Achimwene, awasambitsa kale?"

"Ayi, tikudikira amalume."

"Lowa. Ukaike foni pakhutu pawo."

"Achemwali..."

"Ukaike, Fatsani."

Ndinamumva akupempha amayi aja kuti atonthole pang'ono. Kulira kunatsika mpaka kunangotsala kufwenthera. Kalatayo inali ya pensulo, m'Chingerezi chothyokathyoka, poti m'ndendemo ankalola zilankhulo zokhazo zomwe wopima angawerenge. Ndinkawerenga mzere, n'kuunena m'chilankhulo chathu.

"Ababa, ndine amayi anu. Ndatsegula. Akuti: Dorika mkazi wanga, ndili moyo. Sitima yathu adaimiza, ife adatitola pamadzi, tsopano ndili m'ndende ya nkhondo ku dziko lozizira kwambiri. Apa pali mzere wodetsedwa, ababa, sukuwerengeka. Akupitiriza: aka n'kachinayi kukulembera, iwe osayankha. Kapena ukuganiza kuti ndidakuthawa. Sindidathawe. Mwana uja unali naye pathupi pano ayenera kuti akuyenda. Sindikudziwa ngati ndi mwamuna kapena mkazi."

Mzere wotsatira ndinauona ndisanaunene, ndipo ndinasiya kuwerenga. A Salimu anandisunthira kapu ya madzi. Fatsani anafunsa chapansipansi ngati foni yaduka.

"Sinaduke. Akuti: ndidamugulira nsapato ku Durban, zazikulupo kuti akule nazo, koma zidamira pamodzi ndi sitima. Umuuze asadandaule, ndikadzabwera ndidzamugulira zina. Upite kwa aphunzitsi akulembere yankho. Ndine mwamuna wako, Layisoni."

Panalibenso china. Ngati a Layisoni adafera m'ndendemo kapena m'njira yobwerera, pepalalo silinena, ndipo mpaka lero sindidziwa. Kumudzi kuja mayi wina wachikulire anayambitsanso maliro, ndipo nthawi ino ankatchula dzina lomwe m'nyumba imeneyo linali lisanatchulidwepo. Fatsani anatuluka nayo foni panja. Ankalira ngati mwana.

"Achimwene, tandimvera," ndinatero. "Nsapato zawo zakuda za kutchalitchi zija zili kuti?"

"Zili pansi pa bedi. Zinasiya kuwakwana miyendo itayamba kutupa."

"Uzipukute. Akamaliza kuwasambitsa, muwaveke."

"Achemwali, anthu adabwa. Komanso sizilowa."

"Uzidule kumbuyo ndi lezala, zilowa. Akukakumana ndi atate awo, Fatsani. Asakawapeze ali opanda nsapato."